Bwanji mpira wa ku England umasintha nthawi? Nkhani ya mayiko omwe amakankha wotchi kawiri pa chaka

Loweruka lina kumayambiriro kwa Epulo, anyamata anayi a m'dera lathu lino anafika pa shoo ya mpira 5 koloko madzulo ili pafupi kukwana, monga ankachitira miyezi yonse ya m'mbuyomo. Majezi atavala, ndalama yapakhomo ili m'manja. Atalowa anangoti kakasi. Chigawo choyamba chatha kale, zigoli ziwiri zalowa, osewera ali kopuma.

Mmodzi anayamba kulalatira mwini shoo, ati bwanji wasintha nthawi osauza makasitomala. Wina akuti ayi, ndi a kanema asokoneza pulogalamu. Koma mwini shoo analibe mlandu, a kanema nawonso analibe mlandu. Mpirawo unayamba pa nthawi yake yeniyeni, 3 koloko masana ku England, monga umayambira Loweruka lililonse. Chomwe chinasuntha ndi 3 kolokoyo.

Zikumveka ngati zocheza, koma ndi zoona. Pafupifupi dziko limodzi mwa mayiko atatu aliwonse limakankha wotchi ndi ola limodzi kawiri pa chaka, ndipo ambiri mwa mayikowa ali ku Ulaya. Ku America amazitcha Daylight Saving Time, ku Britain amati British Summer Time. Ife kuno wotchi yathu sigwedezeka chaka chonse. Ndiye ngati muli ndi m'bale kunja, mumaonera mpira wa ku Ulaya, mumapanga geni ya pa intaneti kapena mukusaka sukulu ndi ntchito kunja, nkhaniyi ndi yanu. Kuphonya zigoli ziwiri ndi nkhani yaing'ono. Ena amaphonya intavyu.

Chimachitika n'chiyani kwenikweni?

Titenge Britain. Lamulungu lomaliza la mwezi wa Malichi, nthawi ikangokwana 1 koloko usiku, wotchi imalumpha n'kukhala 2 koloko. Ola la pakati pa 1 ndi 2 usiku umenewo kulibe, ndipo tsikulo limakhala ndi maola 23 okha. Lamulungu lomaliza la Okutobala amabweza ola lija: ikakwana 2 koloko usiku, wotchi imabwerera pa 1 koloko. Tsiku limenelo limakhala ndi maola 25, ndipo hafu pasiti wani imachitika kawiri usiku umodzi.

Miyezi yozizira kumeneko, kuchokera kumapeto kwa Okutobala kufika kumapeto kwa Malichi, Britain imakhala pa nthawi yotchedwa GMT. Malawi ili patsogolo pa GMT ndi maola awiri chaka chonse, chimodzimodzi Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa. N'chifukwa chake mukaimbira m'bale ku Johannesburg kapena ku Lusaka simuwerengera kalikonse, nthawi ndi imodzi. Koma Britain ikakankha wotchi mu Malichi, mpata wa pakati pa ife ndi iwo umatsika kuchoka pa maola awiri kufika pa ola limodzi. Mpira wa 3 koloko uja umayamba 5 koloko kuno mu Disembala, koma 4 koloko mu Epulo, mu Meyi, mu Ogasiti ndi mu Seputembala.

Izi tisazisokoneze ndi zomwe zimachitika mukawoloka malire a Songwe kulowa m'Tanzania. Kumenekonso wotchi imapita patsogolo ndi ola limodzi, koma chifukwa chake n'chakuti Tanzania ili pa nthawi ya kum'mawa kwa Africa, ndipo mpata umenewo susintha olo tsiku limodzi. Zomwe tikukamba pano ndi dziko lomwelomwelo kumasintha wotchi yake malinga ndi nyengo.

Gwero la nkhani ndi dzuwa

Kwa munthu amene anabadwira ndi kukulira kuno, n'kovuta kumvetsa kuti anthu akuluakulu angakhale pansi n'kugwirizana zonamiza wotchi. Koma kumeneko dzuwa silikhala ngati lathu lino.

Dziko lapansi limazungulira dzuwa litapendekeka, pafupifupi madigiri 23 ndi theka. Chifukwa cha kupendekekako, mbali ya kumpoto imalandira dzuwa lambiri cha mu Juni, pomwe mbali ya kumwera imalandira lambiri cha mu Disembala. Amene ali pafupi ndi ikweta, mzere wa pakati pa dziko lapansi, kusinthaku sakumva kwambiri. Lilongwe ili madigiri pafupifupi 14 kumwera kwa ikweta. Mu Juni usana wathu umakhala wa maola 11 ndi mphindi zingapo, mu Disembala umafika pafupifupi maola 13. Kusiyana kwake sikufika maola awiri. Timangoona kuti nthawi ya chisanu kukuda msangako pang'ono, basi.

London ili madigiri 51 kumpoto. Kumapeto kwa Juni usana kumeneko umapitirira maola 16 ndi theka. Kumapeto kwa Disembala sufika olo maola 8: dzuwa limatuluka 8 koloko itadutsa, ndipo 4 koloko madzulo isanakwane lalowa kale. Achibale athu amene anapita kumeneko koyamba mu Disembala amanena kuti chomwe chinawasautsa kwambiri si kuzizira ayi, koma mdima.

Ndiye taganizirani za Juni ku London. Akanapanda kukankha wotchi, dzuwa likanamatuluka kota tu folo m'bandakucha, anthu onse ali m'tulo tofa nato. Kuwala konse kwa pakati pa 4 ndi 7 koloko kukanangopita pachabe. Akakankha wotchi, dzuwa limatuluka kota tu faifi ndipo limalowa 9 koloko usiku itadutsa. Munthu amaweruka ku ntchito, kukafika kunyumba, kudya, n'kutulukanso panja kukali kowala.

Apa mumvetse bwino: wotchi siwonjezera dzuwa olo mphindi imodzi. Chomwe chimachitika n'chakuti dziko lonse limadzuka msanga ndi ola limodzi, koma aliyense akumaona ngati wadzuka nthawi yake ya masiku onse. Makolo athu kumudzi amachita zomwezi opanda lamulo. Mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa likamaswa mtengo, amalawirira kumunda kusanache n'kuweruka lisanafike pamutu. Iwo amasuntha thupi, wotchi osaikhudza. Koma m'dziko lomwe sitima, fakitale, banki ndi sukulu zonse zimayendera wotchi, anaona kuti n'kosavuta kusuntha wotchiyo kusiyana n'kulembanso ndandanda ya ntchito ya aliyense.

Nanga bwanji amabwezanso mu Okutobala? Akanapanda kubweza, mu Disembala dzuwa likanamatuluka 9 koloko itadutsa ku London, ndipo ku Scotland cha kuma 10 koloko. Ana akanamapita kusukulu mumdima wa ndiweyani.

Anayambitsa ndani?

Ambiri amatchula Benjamin Franklin wa ku America. Zoona zake n'zakuti mu 1784, ali ku Paris, iye analemba kalata yoseka anthu a mumzindawo kuti amagona mpaka masana kenako n'kumawononga ndalama pa makandulo usiku. Inali nthabwala, ndipo zosintha wotchi sanazitchule n'komwe.

Amene anabweretsa ganizoli mwatsatanetsatane ndi George Hudson wa ku New Zealand mu 1895. Mkuluyu ankagwira ntchito ku positi ofesi, koma mtima wake unali pa kutola ndi kuphunzira tizilombo touluka ndi tokwawa. Ankafuna kuti akaweruka azipeza kukali kowala, ndiye anapempha kuti wotchi izikankhidwa ndi maola awiri nyengo yotentha.

Ku Britain nkhaniyi anaitengera pamutu ndi William Willett, mmisiri womanga nyumba. Iye ankakwera hatchi m'mamawa n'kumadabwa kuona makatani a nyumba za anthu ali chitsekere dzuwa litakwera kale. Mu 1907 anatulutsa kabuku kotchedwa The Waste of Daylight, momwe anati wotchi izikankhidwa ndi mphindi 20 Lamulungu lililonse, kanayi, m'mwezi wa Epulo. Analimbana ndi aphungu kwa zaka zambiri koma anamwalira mu 1915 lamulo lisanadutse. Kwa okonda nyimbo, Chris Martin wa gulu la Coldplay ndi chidzukulu chakutali cha Willett yemweyu.

Chomwe chinatheketsa zinthu ndi nkhondo. Pa 30 Epulo 1916, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, Germany ndi mnzake Austria-Hungary anakankha wotchi pofuna kupulumutsa malasha. Britain inatsatira pa 21 Meyi chaka chomwecho, America mu 1918. Nkhondo itatha mayiko ambiri anazisiya, n'kudzazibweretsanso pa nkhondo yachiwiri. Nthawi imeneyo Britain inachita kukankha ndi maola awiri athunthu m'miyezi yotentha. Kenako mafuta atakwera mtengo modetsa nkhawa mu 1973, mayiko a ku Ulaya anayambanso limodzilimodzi, France mu 1976.

Pali bodza lina lomwe limayenda kwambiri, loti izi anapangira alimi. Ayi ndithu. Alimi a ku America ndi amene anakana kwambiri, mpaka lamulo la 1918 lija linathetsedwa mu 1919. Ng'ombe ya mkaka siona wotchi, ndipo mame a m'munda sauma msanga chifukwa aphungu avota.

Sasintha tsiku limodzi

Apa ndi pomwe mutu umaima. Mayiko osintha wotchiwa sanagwirizane tsiku limodzi, ndipo ena m'dziko lomwelomwelo sasintha n'komwe.

Ku Ulaya, mayiko a mu European Union pamodzi ndi Britain amasintha onse nthawi imodzi, Lamulungu lomaliza la Malichi ndi lomaliza la Okutobala. Kuno imakhala ili 3 koloko m'bandakucha. Mu 2026 masiku ake ndi 29 Malichi ndi 25 Okutobala. Britain, Ireland ndi Portugal amakhala kumbuyo kwathu ndi maola awiri nyengo yozizira, ola limodzi nyengo yotentha. Germany, France, Spain ndi Italy amakhala kumbuyo ndi ola limodzi nyengo yozizira, koma nyengo yotentha nthawi yawo ndi yathu imafanana ndendende. N'chifukwa chake mpira wa usiku wa Champions League umayamba 9 koloko kuno mu Seputembala, koma 10 koloko mu Novembala ndi Febuluwale.

Ku America ndi mbali yaikulu ya Canada amakankha Lamulungu lachiwiri la Malichi n'kubweza Lamulungu loyamba la Novembala. Masiku amenewa anayamba kuwatsatira mu 2007. Mu 2026 ndi 8 Malichi ndi 1 Novembala. New York ndi Washington amakhala kumbuyo kwathu ndi maola 7 nyengo yozizira, maola 6 nyengo yotentha. Taonani kuti mu Malichi muli masabata awiri kapena atatu pomwe America yasintha kale koma Ulaya sanasinthe, ndipo kumapeto kwa Okutobala pali sabata imodzi pomwe Ulaya wabwerera koma America ikadali kutsogolo.

M'kati mwa America momwemo, Hawaii sisintha, mbali yaikulu ya Arizona nayonso sisintha. Koma dera la anthu a mtundu wa Navajo, lomwe mbali yake ili mu Arizona momwemo, limasintha. Ndipo m'kati mwa dera la a Navajo muli dera la a Hopi, lomwe silisintha. Mutha kuyenda pa galimoto masana amodzi n'kusintha wotchi kangapo musanatuluke mu Arizona.

Ku Australia zinthu zimatembenuka chifukwa ali kumwera ngati ife, nyengo yawo yotentha ndi ya Khirisimasi. Sydney ndi Melbourne amakankha Lamulungu loyamba la Okutobala n'kubweza Lamulungu loyamba la Epulo. Amakhala patsogolo pathu ndi maola 9 mu Disembala, maola 8 mu Juni. Koma Perth ndi Brisbane sasintha: Perth ili patsogolo pathu ndi maola 6 chaka chonse, Brisbane maola 8. Kulinso kachilumba kotchedwa Lord Howe komwe amakankha ndi mphindi 30 zokha.

China, India ndi Japan sasintha. Dubai nakonso sasintha, ali patsogolo pathu ndi maola awiri chaka chonse.

Njira yachidule yokumbukirira nayi: Malichi ndi Epulo amatiyandikira, Okutobala ndi Novembala amatithawa. Zimagwira ku London, ku Berlin, ku New York, ngakhale ku Sydney. Sizigwira ku mayiko ngati Greece, Finland ndi Egypt, omwe nthawi yawo imafanana ndi yathu nyengo yozizira n'kutidutsa ndi ola limodzi nyengo yotentha.

Nanga ku Africa kuno?

Mayiko ambiri a mu Africa ali pafupi ndi ikweta, ndiye palibe chowakakamiza. Omwe anayesapo ndi a m'mphepete, kumpoto kwenikweni kapena kumwera kwenikweni.

Egypt yakhala ikuyamba n'kusiya kangapo. Inayambiranso mu 2023 pofuna kupulumutsa magetsi ndi mafuta, ndipo imakankha Lachisanu lomaliza la Epulo n'kubweza kumapeto kwa Okutobala. Morocco inasankha mu 2018 kukhala ola limodzi patsogolo pa GMT chaka chonse, koma n'kumabweza wotchi m'mwezi wa Ramadan kuti nthawi yomasula ifike msangako pa wotchi. Namibia inali ndi njira yakeyake: kuyambira 1994 inkabweza wotchi m'mbuyo nthawi ya chisanu, mpaka inasiya mu 2017, ndipo pano nthawi yake ndi yofanana ndi yathu. South Africa inayesapo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pakati pa 1942 ndi 1944, osabwerezanso.

Kunja kwa Africa pang'ono, Lebanon inaonetsa dziko lonse zomwe zimachitika andale akaseweretsa wotchi. Mu Malichi 2023, kutatsala masiku ochepa kuti asinthe, boma la nduna yaikulu Najib Mikati linalengeza kuti kusinthako kudikire mpaka Ramadan ithe. Mpingo waukulu wa Maronite, sukulu zina ndi nyumba zina zoulutsa mawu anakana, anakankha wotchi monga mwa nthawi zonse. Kwa masiku angapo dziko limodzi linali ndi nthawi ziwiri. Munthu ukapangana ndi mnzako umayenera kufunsa kuti 10 koloko yake iti. Boma linagonja sabata isanathe.

Kodi zimathandizadi?

Chifukwa chomwe ankapereka poyamba chinali kupulumutsa malasha ndi magetsi. Masiku ano umboni wake ndi wofooka. Mu 2008 unduna woona za mphamvu ku America unapeza kuti m'masabata omwe anawonjezera mu 2007, magetsi ogwiritsidwa ntchito pa tsiku anatsika ndi theka la peresenti imodzi basi. Ku Indiana, chigawo chomwe kuli a Malawi ambiri ndithu, anayamba kusintha wotchi chigawo chonse mu 2006, ndipo akatswiri atafufuza anapeza kuti magetsi a m'nyumba za anthu anakwera ndi pafupifupi peresenti imodzi. Anthu ankayatsa mababu mochedwa inde, koma makina oziziritsa m'nyumba ankalira nthawi yaitali madzulo.

Kumbali ya thanzi, vuto lalikulu ndi la mu Malichi pomwe anthu amataya ola la tulo. Kafukufuku wa ku Sweden wa mu 2008 anapeza kuti odwala mtima mwadzidzidzi amachulukako m'masiku otsatira kusinthaku. Wina wa ku America wa mu 2020 anapeza kuti ngozi zapamsewu zopha anthu zimakwera ndi pafupifupi 6 peresenti sabata imeneyo. Chaka chomwecho bungwe la madokotala oona za tulo la American Academy of Sleep Medicine linapempha kuti zosinthasinthazi zithe, dziko lizingokhala pa nthawi ya nyengo yozizira chaka chonse, chifukwa ndi imene imagwirizana ndi thupi la munthu.

Amene amazikonda nawo ali ndi mfundo zawo. Madzulo owala ndi ndalama kwa eni mashopu, malo odyera ndi mabwalo a masewero. Anthu amathamanga, ana amasewera panja, ndipo oweruka ku ntchito amafika kunyumba kusanade.

Bwanji osangozisiya?

Ena anasiya kale. Russia, Turkey, Brazil mu 2019, Iran, ndi mbali yaikulu ya Mexico mu 2022. Koma ku Ulaya ndi ku America nkhaniyi inakakamira pakhosi.

Mu 2018 European Union inafunsa anthu ake maganizo. Anayankha anthu 4.6 miliyoni, ambiri mwa iwo a ku Germany, ndipo 84 mwa 100 aliwonse anati kusintha wotchi kuthe. Mu Malichi 2019 nyumba ya malamulo ya mgwirizanowu inavomereza kuti zithe mu 2021. Maboma a mayikowo sanagwirizane, 2021 inadutsa, wotchi ikusinthabe. Ku America, nyumba ya Senate inavomereza bilu ya Sunshine Protection Act mu Malichi 2022, koma nyumba inayo sinaivotere n'komwe, biluyo inafera pomwepo.

Chovuta n'chakuti anthu amagwirizana zodana ndi kusinthasintha, koma ukawafunsa kuti ndiye tikhale pa nthawi iti, mkangano umabuka. Ukasankha ya nyengo yotentha, m'mawa wa Disembala umakhala mdima. Ukasankha ya nyengo yozizira, madzulo aatali a mu Juni aja apita. Ndipo ena amene anayesa kukhala pa nthawi ya nyengo yotentha chaka chonse kumpoto kwenikweni anapsa nazo. Britain inayesa kuyambira 1968 n'kusiya mu 1971. America inayamba mu Januwale 1974, makolo n'kudandaula kuti ana akudikira basi ya sukulu mumdima, ndipo chaka chisanathe anabwerera. Russia inayesa mu 2011, koma mu 2014 inatembenukira ku nthawi ya nyengo yozizira.

Pomwe zingakupwetekeni inuyo

Tiyerekeze kuti kampani ya ku London yakulemberani imelo kumayambiriro kwa Malichi, akuti intavyu yanu pa Zoom ndi pa 2 Epulo, 10 koloko m'mawa nthawi ya ku UK. Inu mukudziwa kuti UK ili kumbuyo ndi maola awiri, ndiye mwalemba 12 koloko. Bando mwagula, foni mwatchaja, malaya mwasita. Mukulowa 12 koloko, anthu anakudikirani 11 koloko n'kutseka. Pakati pa tsiku la imelo ndi tsiku la intavyu, wotchi yawo inasuntha.

Kwa amene mumachita zinthu ndi Ulaya kapena America, mwezi woluma ndi Malichi, chifukwa mukalakwitsa mumachedwa ndi ola. Mu Okutobala mukalakwitsa mumangofika msanga n'kudikira. Kwa amene muli ndi zochita ndi Sydney kapena Melbourne ndi mosemphana, woluma ndi Okutobala.

Masiku otsekera mafomu nawo ndi msampha. Mafomu akalemba kuti 12:00 GMT kapena 12:00 UTC, imeneyo ndi 2 koloko masana kuno, mwezi uliwonse, chifukwa GMT ndi UTC sizisuntha. Koma akalemba kuti 12 koloko nthawi ya ku UK, mu Julayi imeneyo ndi 1 koloko. A ku America amalemba EST nyengo yozizira, EDT nyengo yotentha, ndipo kalemba kamodzi kapakatiko ndi ola lathunthu. Mu 2023 mafomu a DV Lottery anatsegulidwa pa 4 Okutobala 12 koloko masana EDT, yomwe inali 6 koloko madzulo kuno, n'kutsekedwa pa 7 Novembala 12 koloko masana EST, yomwe inali 7 koloko usiku kuno. Twelofu koloko yomweyo, nthawi ziwiri zosiyana.

A forex ndi ogula masheya pa foni, inunso zimakukhudzani. Msika wa London umatsegula 8 koloko m'mawa kwawo, kutanthauza 10 koloko kuno mu Januwale koma 9 koloko mu Juni. New York Stock Exchange imatsegula hafu pasiti naini kwawo, kuno hafu pasiti folo mu Januwale, hafu pasiti fili mu Juni.

Ndiye pali achibale athu ogwira ntchito za usiku m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba ku Britain ndi Ireland. Usiku wa mu Okutobala uja, shifiti yoyamba 8 koloko usiku n'kutha 8 koloko m'mawa imakhala ya maola 13, osati 12. Ngati achemwali anu sakuyankha WhatsApp Lamulungu limenelo, musayambe kulemba ma status oti anthu akapita kunja amaiwala kwawo. Agona, atopa.

Zoyenera kuchita

Choyamba, onani foni yanu. Mafoni ambiri omwe timagula pa msika anagwirapo ntchito kunja, ndipo ena amabwera atatcheredwa pa nthawi ya London, Berlin kapena Cairo. Munthu amangokonza manambala a wotchi ndi dzanja, dera osalisintha. Imayenda bwinobwino miyezi ingapo, kenako Lamulungu lina m'mawa yalumpha yokha ndi ola, alamu yalira nthawi yolakwika, WhatsApp n'kuyamba kudandaula za deti. Lowani mu settings, pa date and time, tsegulani kuti izitenga nthawi yokha ku netiweki, apo ayi sankhani Malawi, kapena mzinda ngati Blantyre, Lusaka, Harare kapena Maputo. Pa laputopu chimodzimodzi.

Chachiwiri, mu wotchi ya foni yanu onjezerani mzinda womwe kuli m'bale wanu kapena bwana wanu. Foni imadziwa yokha tsiku lomwe mzindawo ukusintha. Musadalire masamu a m'mutu omwe munaphunzira chaka chatha.

Chachitatu, mukamapangana ndi munthu wakunja, werengerani mpata wa tsiku la msonkhanowo, osati wa lero. Ndipo palibe manyazi kulemba kuti: kuno ku Malawi imeneyo ikhala 11 koloko, ndi choncho? Pemphani akutumizireni pa kalendala ya Google kapena Outlook, imatembenuza yokha.

Chachinayi, pa tikiti ya ndege nthawi iliyonse yolembedwa ndi ya pamalo pomwe ndegeyo ikunyamukira kapena kutera. Musachotsere kapena kuwonjezera kalikonse, ingotsatirani wotchi ya pabwalo la ndegelo.

Chomaliza, fomu yofunika musaidikire ola lomaliza. Ndi magetsi athuwa ndi netiweki yathuyi, ola lomwe mukuganiza kuti mukadali nalo mwina linapita kale mu Malichi.

Anyamata anayi aja anaonera chigawo chachiwiri chokha, ndalama analipira yonse. Mwini shoo pano anaphunzirapo, amalemba nthawi ya kuno pa bolodi ndi choko Lachisanu lililonse. Lamulungu lomaliza la Okutobala likadzadutsa, mpira wa Loweruka udzabwerera pa 5 koloko. Mukadzafika 4 koloko n'kupeza pakhomo pali zii, musadzalalatire munthu. Gulani chiwaya, khalani pansi, dikirani ola lanulo.